Mareki awiri athyoka chaka chimodzi: ndigule yotani?

"Zikomo alangizi. Ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala kufupi ndi Santhe ku Kasungu. Pakhomo panga pali mitengo inayi ya mango ndi mzere wa malaina, ndipo kumaso kwa nyumba ndinadzala kapinga pang'ono. Ndilinso ndi dimba kudambo komwe ndimalima mpiru, repu, anyezi ndi tomato. Bambo a kunyumba amafesa nazale ya fodya chapafupi pomwepo. Chaka chino chokha ndathyola mareki awiri. Yapulasitiki mano ake anangoyoyoka, yachitsulo inapindika pakhosi patangotha masabata atatu. Ndikakokola masamba msana umandiwawa mpaka madzulo. Bambo akuti ndikungotaya ndalama, makolo athu ankakhala ndi tsache ndi khasu basi. Kodi ndigule yotani, ya m'sitolo kapena ya owotcherera pamsika? Kapena ndingoleka?"

Mayi, pepani ndi msanawo, ndipo mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Mtima ukhale m'malo, manja anu alibe mlandu. Pa zaka zomwe ndinayenda m'midzi ya Kasungu ndi Mchinji pa ntchito yaulangizi, makomo ambiri a alimi a madimba ndinkapezamo mutu wa reki wopanda mpini utaponyedwa padenga la khola, kapena wokhota utatsamira kuseri kwa nkhokwe. Gwero la vutoli n'lakuti dzina ndi limodzi, reki, ena amati leki, koma zida zake ndi ziwiri zosiyana ngati mpeni ndi nkhwangwa. Wogulitsa safunsa kuti mukukachita nayo chiyani. Amangotsitsa yomwe ili pafupi, inu n'kulipira, n'kupita nayo kukagwira ntchito yomwe siinapangidwire.

Ndiyambe ndi yapulasitiki ija. Reki yotambasuka ngati mchira wa nkhukundembo, ya mano ataliatali ofewa, kaya ndi a pulasitiki kaya a tizitsulo topyapyala, ntchito yake ndi masamba ouma ndi udzu wotchetcha basi. Manowo anawapanga kuti azipindika n'kubwerera, azidutsa pamwamba pa kapinga osamuzula. Mukangoitengera kudimba n'kuikokera pa zibuma, kapena kukokola nayo mango ovunda ndi masamba onyowa, mano amayamba kuthyoka limodzilimodzi kuyambira m'mphepete. Mdani wake wina ndi dzuwa. Pulasitiki ikamakhala padzuwa imauma n'kukhala yofumbutuka, monga mwaonera beseni lomwe limagona panja kuti tsiku lina limangosweka mutangolinyamula. Dzuwa la Okutobala la kuno ku Kasungu silichedwa kuitha. Ngati reki yanu inkakhala pabwalo usana wonse, ndiye kuti inali itafa kale musanaithyole.

Yachitsulo ija nkhani yake ndi ina, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa mpamene ndalama za anthu zimathera. Reki ya kudimba imakhala ndi mtanda wowongoka ndi mano aafupi olimba, kawirikawiri 12, 14 kapena 16. Ntchito yake ndi kuphwanya tizibuma tating'ono, kuchotsa miyala ndi mizu, kusalaza bedi ndi kusakaniza manyowa ndi dothi la pamwamba. Zonsezi imachita khasu litadutsa kale. Khasu limatipula, reki imamalizitsa. Ndiye taganizirani dothi la kudambo kwanu. Ngati ndi makande akuda aja, mu Ogasiti zibuma zake zimauma gwa ngati njerwa. Munthu akafika ndi reki amainyamula m'mwamba n'kumenya nayo pansi ngati akulima. Mphamvu yonse ya kumenyako imathera pamalo amodzi, pomwe mutu wakumana ndi mpini, pakhosi pomwe mwanenapo. Ngakhale reki yabwino singapirire zimenezo kwa nthawi yaitali, nanji yopyapyala.

Choncho musanagule ina, sinthani kaye kachitidwe. Tipulani ndi khasu, thirirani madzulo ndi keni, mubwere m'mawa dothi lili ndi chinyontho koma losamata. Mukalifinya m'manja liumbike, mukaligogoda ndi chala liphwanyike. Zibuma zikuluzikulu ziphwanyeni ndi kumbuyo kwa khasu. Apo mpamene reki ilowe, ndipo muziikoka ndi kuikankha ili pansi, osaimenyetsa. Kumtunda komwe kuli dothi la mchenga, lomwe ndi lofala m'madera ambiri a Kasungu, vutoli silikhala lalikulu. Pa katondo ndi pa makande mpamene mareki amafera.

Tsono kusankha kwake. Mukalowa mu hadiweya, kaya pa Santhe pompo kaya pa boma, musakopeke ndi utoto. Utoto wobiriwira kapena wofiira umabisa zambiri. Itembenuzeni muone pakhosi. Pali zina zomwe mutu wake uli ndi kamchira kosongoka kolowa mumpini, ngati khasu lachikale. Zimenezo zimang'amba mpini ndipo zimaguluka msanga. Zabwinoko ndi zomwe zili ndi chibowo chachitsulo chonga paipi chomwe mpini umalowamo, chachitali bwino, mwina ngati kutalika kwa chikhatho chanu, chokhala ndi kabowo kokhomerapo msomali kapena kumangapo bawuti. Zoposa zonse ndi zomwe zili ndi tizitsulo tiwiri tochoka kunsonga za mtanda n'kukakumana pa paipiyo, ngati mphanda. Tizitsulo timeneti timagawa mphamvu kuti isaunjikane pakhosi pokha.

Kenako yesani mano. Gwirani dzino limodzi la kumapeto mulikankhe ndi chala chachikulu. Ngati reki ya kudimba ikugonja ku chala, dothi ndiye lidzaichita zotani? Ambiri mwa mareki otchipa amadulidwa kuchokera ku chitsulo chopyapyala chonga lata n'kupotokola mano, ndipo mukawayang'ana cham'mbali mumaona kuti ndi opyapyala ngati chivundikiro cha poto. Asiyeni. Ikaninso mutuwo pansi pa simenti, mano ataloza pansi, muone ngati onse akukhudza mofanana. Reki ya mano osiyana kutalika singasalaze bedi, imasiya tingalande momwe madzi adzaima. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani sitolo ina.

Pa kukula kwake, kwa inu ndinganene ya mano 12 kapena 14, yomwe m'lifupi mwake imakhala pafupifupi masentimita 30 mpaka 35. Bedi la ndiwo zamasamba timalipanga mita imodzi m'lifupi kuti munthu azifikira pakati osapondapo, ndiye reki yotere imalimaliza pokoka katatu. Ya mano 16 imaoneka ngati ifulumizitsa ntchito, koma imakoka dothi lambiri nthawi imodzi, ndipo pa makande ndi msana wanuwo mudzaisiya pakati pa bedi. Mpata wa pakati pa mano ukhale woti chala chimodzi chilowe momasuka. Ukachepa, dothi lonyowa limatsekamo. Ukakula, mizu ya dawe ndi timiyala zimangodutsa.

Mwafunsa za owotcherera. Ine maganizo anga ndi awa: reki yopangidwa ndi wowotcherera wodziwa ntchito imaposa yambiri ya m'sitolo ya mtengo wofanana, ndipo ubwino wake waukulu ngwakuti dzino likachoka mumabwerera kwa mwini wake akalibwezeretse. Koma owotcherera ali mitundumitundu. Ena amangodonthezera chitsulo apa ndi apo ngati zitosi za nkhuku, n'kupaka utoto wakuda pamwamba. Powotcherera pabwino pamakhala mzere wosadukiza wozungulira dzino lonse, wopanda timabowo. Ngati mungathe, musagule yopangiratu yomwe yapachikidwa panja. Itanitsani yanu. Muuzeni kuti mtanda ukhale wa chitsulo chochindikala, mano akhale a chitsulo chozungulira cha mamilimita 8, chonga chija amatchingira mawindo, atalike masentimita 6 kapena 7, ndipo nsonga zake zikhotere pang'ono kwa wokokayo. Aikenso tizitsulo tiwiri ta mphanda tija. Muione asanaipake utoto.

Chenjezo limodzi pa owotcherera: ambiri amakonda kuonetsa mphamvu. Amatenga chitsulo chomangira nyumba cha mamilimita 12, n'kuwotchereranso mpini wa paipi yachitsulo, n'kukuuzani kuti iyi adzagwiritsa ntchito ndi adzukulu anu. Sakunama, koma adzukuluwo ndi amene adzainyamule, inu ayi. Ndinaonapo reki yotere kwa mlimi wina cha ku Mkanda, yolemera ngati nkhwangwa ziwiri, yatsopano ndithu ngakhale inali itatha zaka, chifukwa panalibe wofuna kuigwira. Mpini wa paipi chiswe sichiudya, ndi zoona, koma umatentha padzuwa ndipo umapweteketsa mapewa. Mutu ukhale wachitsulo, mpini wa mtengo.

Mpiniwo ndiwo nkhani ya msana wanu, ndipo anthu ambiri sauganizira n'komwe. Tinazolowera mpini wa khasu, waufupi, woti munthu aweramire pansi. Reki ikathyoka mpini, mwana amangotenga mpini wa khasu wakale n'kulowetsapo. Reki imafuna munthu ataima chilili. Iimikeni pambali panu mutu uli pansi: nsonga ya mpini ifike pachibwano kapena pamphuno panu. Kwa anthu ambiri ndiye kuti ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka. Kunenepa kwake kukhale koti mukaufumbata, chala chachikulu chikumane ndi zinzake. Wonenepa kwambiri umatopetsa dzanja, wowonda umatulutsa matuza.

Mipini yomwe imabwera ndi mareki a m'sitolo nthawi zambiri ndi ya mtengo wofewa wonga wa tsache la m'nyumba, ndipo ina imakhala ndi mfundo zobisika pansi pa pepala lonyezimira lomwe amaikulungira. Pamfundo mpamene umathyokera. Ine ndimalangiza kugula mutu wokha ngati akulola, mpini mukapeze kwanu. Bulugamu wamng'ono wowongoka amachita bwino. Nsungwi yokhwima, yathu ija yokhala ndi bowo laling'ono mkati, ndi yopepuka ndiponso yolimba. Malaina omwe muli nawowo ndi opepuka koma ofewa. Angathandize pa reki ya masamba, kudimba sachedwa kuthyoka. Chachikulu n'chakuti mtengowo uume kaye pamthunzi, mutausenda makungwa n'kuugoneka pamalo osalala kuti usakhote. Mukalowetsa wauwisi, ukamauma umafota, ndipo pakatha masabata awiri mutu wayamba kugwedera. Usalazeni ndi phale la botolo monga achitira osema mipini, ndipo mukhome msomali pakabowo kaja kuti mutu usamazungulire.

Tibwere pabwalo. Apa ndigwirizana nawo pang'ono bambo a kunyumbako, ndipo muwauze kuti alangizi atero. Pabwalo la dothi losadzalidwa kanthu, tsache ndi loyenera kuposa reki yachitsulo. Mano achitsulo amakanda dothi tsiku ndi tsiku n'kulisiya lofumbutuka. Mphepo ya mwera imaulutsa lina, mvula ya Disembala n'kukokolola lotsala. Yang'anani nyumba zakale m'mudzi mwanu: maziko ali poyera, mizu ya mango ili pamtunda, khonde lakwera moti ana akuchita kudumphira. Dothi limenelo linapita pang'onopang'ono ndi kusesa. Tsache lokha limachita zimenezi, ndiye reki yachitsulo imangofulumizitsa. Sindikunena kuti muleke kusesa. Makolo anali ndi zifukwa zosiyira bwalo loyera: njoka imaonekera patali, linthumbu limaoneka lisanalowe m'nyumba, ndipo moto wolusa wa chilimwe umaima ukafika popanda zinyalala. Koma sesani masamba okha, dothi lizitsala.

Pomwe bambo akulakwitsa mpoganiza kuti tsache lalifupi lija lilibe mtengo wake. Mtengo wake mukulipira ndi msana. Kuwerama ola lathunthu m'mawa uliwonse pansi pa mango anayi, kwa mayi wa zaka 54, si nkhani yamasewera. Njira yosalira ndalama ndi kumangirira tsachelo pa mpini wautali ndi chingwe cha mphira cha chubu chakale cha njinga, n'kumasesa mutaima. Njira ina ndi reki ya masamba ija, yomwe pa kapinga ilibe mnzake, chifukwa tsache limangodutsa pamwamba masamba atakodwa mu udzu. Mukafuna kugula ina, yang'anani ya tizitsulo ta sipuling'i: mukapinda dzino libwerere lokha pamalo pake. Likatsala lokhota, ndi lata wamba. Ngati mwapeza yapulasitiki yokha, sankhani yochindikala yomwe mano ake akupindika osayera pomwe mwapindapo, ndipo muziisunga m'nyumba.

Palinso reki ya nsungwi, yomwe munthu woluka malichero ndi madengu angakupangireni tsiku limodzi. Amang'amba nsungwi mbali imodzi kukhala timizere tambiri, n'kutitambasula, n'kulukapo kamtanda kuti tisabwererane, kenako n'kuwotcha nsonga pamoto pang'ono kuti zikhote. Ndi yopepuka kuposa zonse, siikanda dothi, ndipo ikatha simudandaula. Kwa masamba a malaina, omwe ndi aakulu ndi opepuka ndipo amayoyoka ambiri m'chilimwe, imagwira ntchito bwino kwambiri. Walira mvula walira matope: mthunzi wa mitengoyo mukuufuna, masamba ake ndiye msonkho wake, koma msonkhowo usamalipidwe chowerama.

Tsono ngati ndalama ilipo ya reki imodzi yokha, gulani yachitsulo ya kudimba, yabwino, chifukwa ndiko kumachokera ndalama ndipo kulibe chida china chomwe chingasalaze bedi ngati iyo. Pabwalo tsache lalitali kapena nsungwi zikukwanirani.

Ndipo bambo mukawafunse kuti nazale yawo amasalaza ndi chiyani. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono kwambiri, pa galamu imodzi pamakhala njere zoposa 10,000, n'chifukwa chake amaisakaniza ndi madzi mu keni pofesa. Kanjere kotere kakagwera pakati pa zibuma kamalowa pansi n'kulephera kutuluka, ndipo bedi likakhala ndi zigwa madzi amakasonkhanitsa mbewu malo amodzi, kwina n'kutsala dazi. Anyezi ndi mpiru pa nazale yanu amafunanso bedi losalala chimodzimodzi. Reki yomwe akuti n'kutaya ndalamayo, pofika Ogasiti ndi Seputembala adzakhala akuibwereka ndi iwo.

Pobwerekanapo samalani chinthu chimodzi. Fodya ndi tomato ndi mbewu za banja limodzi, ndipo matenda awo ambiri ndi ofanana. Tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tomwe timatupitsa mizu, komanso matenda ofotetsa mbewu okhala m'nthaka, zimayenda ndi dothi lomatirira ku khasu, ku reki ndi ku mapazi. Reki ikachoka pa mabedi a tomato isalowe pa nazale ya fodya isanatsukidwe bwino ndi madzi ndi sopo n'kuumitsidwa padzuwa, ndipo pobwerera kwanu ichitenso chimodzimodzi. Zotsalira za fodya musaziike pa manyowa opita ku tomato. Mukazula mbewu yofota n'kupeza mizu ili ndi timfundo ngati mikanda, kapena tomato akufota masamba akadali obiriwira dothi lili lonyowa, itanani mlangizi wa boma wa dera lanu adzaone musanadzalenso pamalopo. Za nazale ya fodya, alangizi a ARET, bungwe lochita kafukufuku ndi ulangizi wa fodya, ndiwo eni nkhani, ndipo bungweli lili ndi sukulu yake ya zaulimi ku Mwimba konkuno ku Kasungu.

Cholakwika china chomwe ndinkachiona kwa alimi akhama ndi kusalaza mopitirira. Munthu akapeza reki yabwino amakokera ndi kukokeranso mpaka dothi lasanduka ufa. Bedi limaoneka lokongola, koma mukangothirira kawiri pamwamba pamauma n'kukhala gwa ngati pakhonde pozira. Madzi amangoyenderera, mbewu n'kulephera kuboola. Lekani dothi likafika pokhala timibulu tonga njere za mapira kapena nyemba zing'onozing'ono. Pomaliza tembenuzani reki mano aloze kumwamba, musalaze ndi msana wake, kenako phimbani ndi udzu wouma wopanda njere mukatha kufesa.

Kumunda waukulu wa chimanga reki musapite nayo. Mizere yotalikirana masentimita 75 ija ndi ntchito ya khasu, ndipo mapesi ndi masangwi a mtedza timafuna azitsala m'munda momwemo kuti aphimbe nthaka n'kuwolerana. Kuwakokola n'kuwatentha pososa n'kusaukitsa munda ndi manja anu. Pomwe reki imathandiza nthawi yokolola ndi poyanika chimanga, soya kapena mtedza pa lona. Kutembenuza pafupipafupi kumaumitsa mbewu mofanana n'kuchepetsa chuku. Koma mano achitsulo amang'amba lona ndiponso amaswa makoko a mtedza, ndiye gwiritsani ntchito msana wake, kapena khomerani kathabwa kosalala kunsonga ya mpini wautali.

Masamba omwe mukukokolawo mumatani nawo? Ndikufunsa chifukwa m'makomo ambiri amathera pamoto madzulo aliwonse, utsi n'kudzaza mudzi. Mukawatentha, chakudya cha mbewu chonga chija mumagula m'thumba la yureya chimathawira mu utsi, inu n'kutsala ndi phulusa lochepa. Kumbani dzenje chakumbali, kapena muunjike mulu wa chimato womata ndi dothi. Masamba a mango ndi okhuthala, paokha amachedwa kuwola, choncho muziyala mosinthanitsa: masamba ouma, ndowe za ng'ombe kapena zitosi za nkhuku, zomera zaziwisi, kadothi pang'ono, n'kuwaza madzi. Pakatha miyezi ingapo mudzanyamula manyowa kupita nawo kudimba. Masamba a bulugamu okha musachulutse, amachedwa kuwola ndipo mbewu zing'onozing'ono sizimera bwino pomwe achuluka. Mapepala apulasitiki ndi mabatire akutha muzizipatula. Ponyamula, ng'ambani thumba la feteleza lakale, muyale pansi, mukokolerepo masamba n'kulikoka. Kuwola ndi manja mulu uliwonse n'kumene kumamaliza msana, komanso pansi pa mulu wogonera mumabisala zinkhanira ndi mphiri. Mulu wokhalitsa uyambeni mwautakasa ndi reki mutaima patali.

Pa kagwiridwe, imani mowongoka, phazi limodzi patsogolo, mawondo atapindika pang'ono. Kokani pafupipafupi, osaponya reki kutali n'kumaikoka ndi chiuno chopotoka. Pakapita kanthawi sinthani dzanja lotsogola. Poyamba zimakhala ngati mukulemba ndi dzanja lamanzere, koma thupi limazolowera. Gwirani ntchitoyi m'mawa mame asanaume, fumbi limachepa. Ngati muli ndi mphumu kapena chifuwa chosatha, wazani madzi kaye. Msana wa kutopa umapola ndi kupuma ndi kusintha kagwiridwe. Koma ululu ukamatsikira m'mwendo, mwendo ukamachita dzanzi kapena kufooka, ukamakudzutsani usiku, kapena ukapitirira masabata awiri osasintha, pitani kuchipatala, musangodalira mapilitsi a pagolosale. Mukaona kuti mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka mosadziletsa pamodzi ndi ululuwo, pitani tsiku lomwelo.

Ngozi ina ndi ya mano omwewo. Ndili pa ntchito, pa esiteti ina mnyamata anasiya reki chagada m'kanjira ka ku nazale, mano ataloza kumwamba, n'kupita kukadya. Kamwana kopanda nsapato kanabwera kakuthamanga. Dzino linalowa kuphazi, ndipo akuluakulu anangomangapo kansanza n'kunena kuti bala ndi laling'ono. Mwamwayi kapitawo anaumirira kuti apite nako kuchipatala. Bala lobaya ngati limeneli ndi loopsa kuposa lotemeka, chifukwa pakamwa pake ndi pang'ono koma mkati ndi mozama, ndipo tizilombo toyambitsa kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, momwe reki imakhalira tsiku lonse. Anthu amati ndi dzimbiri, koma ngakhale reki yatsopano yonyezimira ikhoza kubweretsa matendawa ngati yakhudza dothi. Wina akabayidwa, tsukani balalo ndi madzi oyera ambiri ndi sopo, musathirepo dothi, phulusa kapena mafuta a galimoto, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo akaone ngati akufunika jakisoni. Zizindikiro za kafumbata, monga kuuma nsagwada ndi khosi, zimayamba patapita masiku 3 mpaka 21, ndipo kudikira kuti zioneke n'kuchedwa. Lamulo la pakhomo likhale lakuti reki ikagona, mano aloze pansi. Ikaima, mano aloze kukhoma.

Kasungidwe kake n'kosavuta. Mukaweruka, chotsani dothi ndi kamtengo, tsukani, iume. Ipachikeni pa misomali iwiri pakhoma la m'nyumba yosungiramo katundu, mpini usakhudze pansi, chifukwa chiswe chikhoza kuudya mkati usiku ungapo chabe kunja ukuoneka wabwinobwino. Nyengo ya mvula ikamayamba, pomwe ntchito ya kudimba imachepa, pakani mutuwo timafuta pang'ono ndi kansanza. Ndipo poti khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, wotchani chizindikiro chanu pampini ndi waya wamoto, ndipo wobwereka muzimuuza poyera kuti ndi yosalazira, yotipulira akatenge khasu.

Mutu wa reki yopindika ija musautaye. Pitani nawo kwa wowotcherera auone. Ngati mtanda ndi mano zikadali zolimba, akhoza kuwongola khosilo n'kuwotchererapo tizitsulo tiwiri ta mphanda, ndipo mudzalipira zochepa kuyerekeza ndi kugula ina. Akakuuzani kuti chitsulocho n'chopyapyala moti chikungobooka akachiwotcha, mutengereni mutuwo ngati chitsanzo cha kukula komwe mukufuna, akupangireni watsopano pa muyeso ndatchula uja, inu mukadule bulugamu lero lomwe kuti pofika nthawi yokonza mabedi akhale atauma.